Mlingo wa ku Lusaka Utaoneka Wotsika

Taonga Chisala sankakhudza odwala. Ntchito yake pachipatala cha ku Lusaka inali kuwerengera mlingo wa cheza chimene makina amaotchera chotupa cha kansa, dokotala akalamula. Chipatalacho chinali m'kafukufuku pamodzi ndi zipatala za maiko ena, ofuna kudziwa ngati amayi odwala kansa ya khomo la chiberekero angachire atabwera ku makina maulendo ochepa koma akulandira mlingo wokulirapo ulendo uliwonse.

Mmodzi wa amayiwo anali ba Betty Chansa, telala wa ku Kalingalinga, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi ya makolo a Taonga, kumene Taongayo ankakhala. Asanavomere kulowa m'kafukufukuyo anaimitsa Taonga pageti.

"Iwe mwana wanga, vinthu ivi ni va zoona? Sibazaniyeselapo chabe?"

"Ni va zoona, ba mayo. Mashini nimapima ndine."

Ba Betty anavomera, namaliza chithandizo chawo, nabwerera ku makina awo osokera.

Patapita miyezi, zipatala zonse zinakumana pakompyuta. Mayi woyang'anira kafukufukuyo ananena mosazungulira kuti manambala a mlingo wa cheza ochokera ku Lusaka anali otsika kuposa a kwina konse, ndipo osati kwa wodwala mmodzi, koma kwa onse. Dokotala Clive Kangwa, mkulu wa gulu la ku Lusaka, anatembenukira kwa Taonga. Sanamukalipire. Anangofunsa motsitsa mawu ngati makina anapimidwa bwino.

Taonga anadziwa tanthauzo lake. Cheza chikachepa, chotupa chimaoneka ngati chatha, kenako chimaphukanso.

Madzulo ake anatsika minibasi patali dala, nazungulira njira ya kumbuyo kwa opala mipando kuti asadutse pakhomo pa ba Betty. Sizinathandize. Anakumana nawo akuchokera kogula ulusi, atanenepako, akuseka.

"Wayonda iwe! Bakudyesa kunchito?"

Taonga anaseka nawo, koma m'maso sanawayang'ane.

Loweruka, odwala kulibe, iye ndi mnzake wa ntchito Bwembya anakankhira thanki yoyezera pansi pa makina. Anaidzaza madzi, popeza madzi amamwa cheza mofanana ndi thupi la munthu, namizamo kachipangizo kopimira. Anayatsa makina. Nambala inatuluka yeniyeni imene ankayembekezera. Anabwereza, nasuntha kachipangizoko, nabwerezanso mpaka dzuwa linapendeka. Makina analibe vuto.

"Manje ngati mashini ili bwino, chalakwika n'chani?" anafunsa Bwembya, akupukuta madzi pansi.

Taonga anapita padesiki yake. Anatsegula pakompyuta chithunzi cha chotupa cha wodwala mmodzi. Cheza sichigwa mofanana paliponse: pakati pa chotupa chimachuluka pang'ono, m'mphepete chimacheperako. Iye nthawi zonse ankatumiza nambala ya m'mphepete, yotsikitsitsa, chifukwa ndi imene imasonyeza kuti chotupa chonse chafikiridwa. Anayang'ana nambala ya pakati. Inali yokwererapo.

"Bwembya, benangu baja ba ku vipatala vinangu bamatumiza nambala ya pati?"

Bwembya anaima ndi chikolopa m'manja. Sankadziwa. Malangizo a kafukufukuyo ankangoti atumize mlingo umene chotupa chalandira, osanena kuti auwerenge pati.

Lolemba m'mawa dokotala Kangwa anaimbira foni mayi woyang'anira uja kumufunsa funso lomwelo, Taonga ali pambali. Mayiyo anapempha nthawi kuti afunse zipatala zina. Taonga anabwerera ku ntchito, koma tiyi amene Bwembya anamuikira anazizira osakhudzidwa.

Yankho linabwera masana. Zipatala zambiri zinkatumiza nambala ya pakati, china chinkaphatikiza manambala a chotupa chonse n'kutumiza avereji yake, Lusaka yekha ndiye ankatumiza ya m'mphepete. Atawerenganso onse mwa njira imodzi, manambala anafanana. Palibe mayi amene analandira cheza chochepa. Anagwirizana kuti kuyambira tsikulo chipatala chilichonse chizitumiza nambala za mtundu umodzi, zowerengedwa pamalo ofanana, ndipo anapempha Taonga kuti athandize kulemba malangizo atsopanowo.

Dokotala Kangwa anaika foni pansi, navula magalasi, napukuta nkhope ndi manja onse awiri.

"Ba Chisala, nenze n'nayamba kale kuganiza mwamene tizabauzila bazimai baja."

"Naine, ba dokota," anatero Taonga. Kenako anayamba kuseka misozi ikutsika.

Poweruka anakwera minibasi, nakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Anatsamira galasi pang'ono chabe. Anadzidzimuka kondakitala akugogoda mpando.

"Ba sisita, yasila! Ni Mtendere kuno!"

Minibasi inali itafika kothera ulendo wake, ku Mtendere, ndipo Kalingalinga anali atamudutsa kalekale. Anatsika, nagula chimanga chootcha pasiteshoni, nayamba kubwerera wapansi, akudya pang'onopang'ono.