Basera wa a Uladi

Ntchito yosankha nyimbo ndinachita kuipempha ndekha. Osati kuti ndimakonda nyimbo ayi. Ine ndimachapa zofunda pa loji ina ku Makokola, ndipo ndikaweruka chimene ndimafuna ndi mphasa basi.

Nkhani ndi mwana wanga Ndaona, wa Sitandade 4. Ali ndi khunyu. Wagwapo kawiri pagulu, ndipo maulendo onsewo pamsewu pankadutsa manganje, ng'oma zili m'kati. Adokotala amati ng'oma sizigwetsa munthu bola azimwa mapiritsi. Iwowo kunalibeko. Atagwa kusukulu yakale ku Nkope, anzake anamuthawa pabenchi, ati malovu ake amapatsira. Teremu yonse anakhala yekha kukona. Ndinamusamutsa, ndipo kusukulu yatsopanoyi sindinauze munthu.

Ndiye aphunzitsi ake, a Madamu Keti, atalengeza kuti pa tsiku la makolo ana adzaonetsa mafashoni, Ndaona anakakamira. Ndinakana, analira masiku awiri, ndinagonja. Ndinamusoketsera diresi la chitenje chobiriwira, n'kukauza a Madamu kuti za nyimbo andisiyire. Iwo ankafuna zothamanga, zoti ana azinyadira poyenda. Ndinangovomera pakamwa.

Loweruka ndinapita kumsika kwa a Uladi, amene amaika nyimbo m'mamemore khadi. Iliyonse ndinaimvetsera mpaka kumapeto. Ng'oma ikangoti gu, ndinkati chotsani. A Uladi anandiseka, ati kodi kusukuluko kuli mafashoni kapena maliro. Zinatsala zisanu ndi imodzi, za gitala, zofatsa.

Polipira, pakamwa panga panachita zimene pamachita ndikamagula tomato kapena usipa.

"Basera bwanji?"

"Musadandaule mayi, ndakuikirani kumapetoko."

Ndinathamangira minibasi, osaganizanso.

Lachisanu m'mawa anayala mphasa pabwalo kuti ana aziyendapo, sipika n'kubwereka kutchalitchi. Ndinali nditamumwetsa piritsi lake ndikuona. Ndinakhala benchi lachiwiri, maso pa mwana, makutu pa sipika. Ana anachuluka kuposa amene analembetsa, ndipo Ndaona anamuika chakumapeto. Ndinkawerenga nyimbo ndi zala. Yachinayi. Yachisanu. Yomaliza inayamba kuzirala iye akungoponda kumene pamphasa.

Apo mpamene ndinakumbukira basera.

Ng'oma zinaphulika ngati zili m'mutu mwanga. Manganje enieni. Azimayi analuluta, ena n'kudzuka kumanga zitenje m'chiuno. Ndaona anaima pakati pa mphasa, dzanja litagwira pamimba, monga amachitira zikamayamba.

Sindikudziwa kuti benchi lakutsogolo ndinalidumpha bwanji. Ndinangozindikira waya wa sipika uli m'manja mwanga, bwalo lonse lili zii.

Sanagwe. Anandiyang'ana, n'kumeza malovu, kenaka anayamba kuyenda. Kunkangomveka masilipasi ake pamphasa. Atafika kumapeto anagwira m'chiuno n'kutembenuka, monga ankayeserera kuseri kwa bafa. Ena anawomba m'manja, koma ambiri ankayang'ana ine.

A Madamu anabwera msangamsanga.

"Mayi a Ndaona, chavuta n'chiyani?"

Ndikanati magetsi azima, koma waya ndinali ndikadaugwira. Ndinalibenso mphamvu zopeka bodza. Ndinawauza za khunyu, motsitsa mawu. Kutsitsa kwake kuti, mayi wogulitsa mandasi anali pomwepo ndi beseni lake, ndipo ndinaona atasiya kutafuna. A Madamu anangoti ndikanawauza kale, n'kulumikizanso waya uja.

Pobwerera kunyumba titadutsa pamjigo, Ndaona anangofunsa ngati anzake amva. Ndinati sindikudziwa.

Lolemba ndinachedwa dala kuntchito. Ndinazungulira kuseri kwa kalasi yawo n'kusuzumira pazenera. Benchi lawo ndi la ana atatu, ndipo onse analipo, Ndaona ali kumapeto. Pakati pa iye ndi mnzake panali mpata woti n'kuikapo chikwama. Ndinaima pamenepo mpaka belu linalira, ndikuyesa kukumbukira ngati mpatawo unalipo sabata yatha.