Kadiso Kobiriwira

Amawaya sankakhulupirira chinthu chaulere. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a m'mashopu oyandikana, chifukwa kachipinda kawo kanali mawaya okhaokha, moti wolowamo ankachita kunyamula miyendo ngati akuwoloka matope. M'menemo ndi momwe ankapangira anthu mawebusaiti. Kutsogolo, kungodutsa chitseko chimodzi chathabwa, akazi awo ankagulitsa mipando, matebulo ndi makabati.

Vuto la shopuyo linali lakalekale. Mayiwo ankalemba za katundu m'pulogalamu yosungira zolemba, koma kuti mawuwo afike pa webusaiti pankafunika Amawaya awasamutse pamanja. Bambowo akatanganidwa, tebulo logulidwa kale linkangokhalabe pa intaneti, anthu n'kumaimba foni kulifuna.

Tsiku lina mayiwo anasuzumira pakhomo ndi nkhani. Akuti kuli kapulogalamu kolumikiza mbali ziwirizo ngati mlatho: walemba kuno, zaoneka uko.

"Wakuuzani ndani?" anafunsa Amawaya, maso ali pa kompyuta.

"Msuweni wanga uja, wamagalasi."

"Oho. Msuweni."

"Ee, msuweni. Mukayesa, kapena ndimuuze adzakaike yekha?"

Amawaya anamva kutentha m'makutu. Adzakaike yekha! Mnyamata wonunkhira uja, woseka asanamve nthabwala, amene akabwera mayi amayamba kucheza ngati mtsikana! Kunena zoona, Amawaya ankachita mantha. Panali patapita nthawi akazi awo osaseka choncho ndi iwo, ndipo mumtima ankaona kuti banja likuwapulumuka m'manja.

Choncho kamlathoko anakayesa ngati wapolisi wofufuza wakuba. Anapanga webusaiti yoyeserera yoti aziiona okha, n'kukalumikiza. Anakapatsa zithunzi zikuluzikulu, kananyamula. Anazimitsa intaneti pakati pa ntchito, itabwerera kanapitiriza pomwe kanalekezera. Anafufuza ngati kakutumiza zinthu kwina, osapeza kanthu. Zimenezi zinawawawa kwambiri. Kanthu kaulere kakhale kaulemu chonchi? Ayi ndithu, pali chomwe kakubisa.

Anachipeza masana ena. Pa webusaiti yoyesererayo mawu anayamba kutuluka okha, chilembo ndi chilembo, mayi akulemba kutsogoloko asanadine batani lotulutsira. Kamlathoko kankaonetsa ngakhale zosamaliza kulemba.

"Ndakugwira!" anatero Amawaya, akumenya tebulo.

Panali pozimitsira zimenezi, poonekeratu. Amawaya anapayang'ana, n'kupasiya. Anakoka mpando, n'kuyamba kudikira dzina la msuweni.

Dzinalo silinabwere. Pansi pa chithunzi cha sofa panatuluka mawu akuti: "Mpando wa anthu awiri, wa nsalu yolimba. Kwathu ulipo ngati womwewu, koma ndimakhalapo ndekha." Mawuwo anakhala kanthawi, kenako anayamba kufufutika pang'onopang'ono kuchokera kumapeto, mpaka panatsala za nsalu yolimba basi.

Munthu wina akanadzuka pomwepo. Koma Amawaya, mutu wawo uja, funso linali limodzi: akulembera ndani? Ndiye kuti wamagalasi ali ndi kazenera kake kobisika komwe akuwerengera! Anavundukula kapulogalamuko mzere ndi mzere mpaka maso kufiira, kazenerako osakapeza. Kunyumba anadya akuwayang'ana akazi awo cham'mbali.

M'mawa mwake linali tebulo. "Tebulo la banja, la thabwa losalala. Mbale ya bambo imazizira pamenepa, iwo ali pa foni." Zinafufutikanso. Amawaya anatsonya. Mpaka kukandineneza kwa munthu wakunja za mbale!

Kenako inafika kabati. "Kabati ya zitseko ziwiri. Zovala zanga zonse zimakwana m'sutikesi imodzi. Ndayesa."

Apa Amawaya anakankha mpando. Anadzuka, anadumpha mawaya aja, n'kugwira chogwirira chitseko. Anachitsitsa pang'ono. Ndiye maganizo aja anabweranso: ndikalowa adziwa kuti ndimaonera, asiya kulemba, ndipo mwamunayo sindimugwira. Anabweza chogwiriracho mwakachetechete, n'kukakhalanso pampando.

Tsiku lotsatira sipanatuluke kalikonse. Dzuwa litapendeka, Amawaya anamva mipando ya panja ikulowetsedwa, kenako kugogoda.

"Bambo, kamlatho kaja mwamaliza kukayesa?"

Amawaya anatuluka atakonzeka. "Ndamaliza. N'koipa. Kamaulutsa zomwe munthu sanamalize kulemba."

"Kamaulutsira ndani?"

"Aliyense amene ali ndi webusaiti yoyeserera."

"Ali nayo ndani?"

Mayiwo anatembenuza laputopu yawo pa kauntala, n'kuloza pakona ya sikirini. Panali kachithunzi ka diso, kakang'ono ngati njere, kotuwa.

"Aka kamabiriwira wina akamaonera, ndipo kamalemba dzina la woonerayo. Ndinakaona tsiku loyamba lomwe lija. Inu mbali yanga simunabwere kudzaiyesa."

"Ndiye msuweni wanu uja…"

"Msuweni wanga wakulakwirani chiyani? Iye anangonditchulira dzina la pulogalamu, basi. Ndimalembera inu, bambo. Pakamwa ndinalankhula mpaka kutopa, inu n'kumangoti 'ndikubwera, ndimalize aka kaye.' Nditaona kadiso kabiriwira ndinati, eya, pa sikirini pokha amawerenga. Mumayesa ndimafufuta pang'onopang'ono chifukwa chiyani?"

Amawaya anawerama. Manyazi anawagwira.

"Dzulo chogwirira ichi chinatsika," anapitiriza mayiwo. "Ndinachiona. Mtima unagunda ngati tsiku limene munandifunsira. Ndinachita kupukuta m'maso kuti mundipeze ndili bwino. Kenako chinakweranso, n'kumva mpando wanu ukulira."

Anatseka laputopuyo, n'kuika makiyi a shopu pamwamba pake. Kuseri kwa kabati ya zitseko ziwiri ija anakokako sutikesi yabuluu, imene Amawaya anaidutsa m'mawa osaiona.

"Ndikakhala kwa achemwali anga. Kapulogalamuko musakachotse, sikanalakwe. Zonse zomwe ndinakatuma kanafikitsa."

Amawaya anaima pakati pa mipando yogulitsa, akumva matayala a sutikesi akugogoda pakhonde mpaka kuzimiririka. Atabwerera m'kachipinda kawo, webusaiti yoyeserera inali chitsegulire, pa chithunzi cha kabati. Anakhala pansi n'kuyamba kudikira kuti mwina patuluka chilembo.