Chinsalu cha ku Tamarindo

Genivaldo anali akukoka unyolo kuti aone ngati loko wagwira pamene Aristides anatulukira pakona, atanyamula ndowa ya phala lomatira ndi mpukutu wa zithunzi zolengeza mafilimu.

"Mwadzuka bwanji alamu?"

Panalibe mawu amene ankamuwawa Genivaldo ngati amenewo. Zaka makumi atatu Aristides akumutcha mlamu, pamsika, m'basi, ngakhale kumanda dzana lija poika Valdomiro, mkulu wake wa Genivaldoyo, amene tonse tinkamutcha Miro.

"Sindine mlamu wako. Mapepala akowo kamate kwanu. Holo yatsekedwa."

"Mwatsekera ndani? Makoswe ali ndi khomo lawo kuseri."

"Tili pamaliro, Aristides. Loweruka kuli Misa ya tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirire malemu. Ukufuna azimayi a mumpingo atuluke m'tchalitchi n'kupeza amuna akupsompsonana pakhoma la bambo anga?"

"Loweruka lomwelo ndi lotsegulira chikondwerero chathu cha mafilimu. Miro anafa mochita kuwerengera kuti zonse zikumane tsiku limodzi. Munthu uja sankafuna kuvala suti kawiri."

Genivaldo anaponya kiyi m'thumba la malaya n'kumenyapo ndi chikhatho. Aristides anaviika burashi m'ndowa, namata chithunzi pachitseko penipeni, pamwamba pa loko.

Holo ya kanema ya Tamarindo, kuseri kwa msika wa nsomba mu Recife muno, bambo awo anasiyira ana atatu: Edileuza woyamba kubadwa, Valdomiro, ndi Genivaldo chitsiriza. Valdomiro ali moyo palibe amene ankatchula zogulitsa, chifukwa pakamwa pake panali ngati lumo. Koma mtembo usanazizire n'komwe, m'busa wina wa nsapato zonyezimira anali atafika kale pasiwa kudzapepesa, maso ali kudenga la holo. Mu mzinda uno holo za kanema zambiri zinalapa n'kusanduka matchalitchi. Yathuyi ndi imene inakakamirabe uchimo.

Ife, amuna okondana ndi amuna anzathu ndi akazi okondana ndi akazi anzathu, tinayamba chikondwererochi asilikali atangotula pansi boma. Chaka choyamba tinalipo anthu osakwana basi imodzi, theka litavala zipewa zobisa nkhope, ndipo filimu isanafike pakati apolisi analowa, n'kung'amba chinsalu choonetsera ndi mipeni, n'kutipatsa malo ogona aulere. Chaka chachiwiri tinabwera tadzaza mabasi awiri. Chinsalu panalibe, ndiye aliyense anakasolola nsalu ya pabedi pake, tinasoka pamodzi. Kenako inafika nthenda ija, n'kuyamba kutitola ngati mango akugwa, ndipo mwambo unabadwa wokha: wathu akamwalira, nsalu yake ya pabedi imasokeredwa pachinsalupo. Koma nsaluyo izichokera kwa abale ake, iperekedwe ndi manja awo. Wokapempha anali Valdomiro. Ankapita ku makomo kumene ena a ife anatimasulira agalu, n'kubwerako nsalu ili m'khwapa, akuti, "Apereka. Mayi ndi mayi basi."

Tsopano wokapempha uja ndiye anafunika kumupemphera.

Aristides anamupeza Edileuza kukhitchini akusenda chinangwa. Anali mayi wa mawondo otupa, wosaphonya Misa, amene pa zaka zonsezi sanapondepo ku chikondwerero ngakhale kukabisala mvula.

"Khala pansi, Tide. Khofi ali m'botolomo."

"Achemwali, ndabwera kudzapempha nsalu ya Miro."

"Nsalu ukapemphe kwa ine? Si iwe unali naye?"

"Tinali limodzi, koma aliyense kogona kwake. Munthu uja ankaliza mkonono ngati injini ya boti. Chikondi chathu chinalimba chifukwa pakati pathu panali misewu iwiri."

Edileuza anafuna kuseka, koma anakumbukira kuti wavala zakuda.

"Mlongo wanga ndinkamukonda. Koma zanu zija sindinazivomerepo, ndipo sindiyamba lero iye kulibe. Genivaldo akuti ndisaine pepala logulitsira abusa aja holoyi. Denga likudontha, ine ndatopa."

"Musaine, dzanja ndi lanu. Koma munaonapo munthu akugulitsa mbuzi ali kumbuyo kwa nyumba? Kaoneni kaye chimene mukugulitsacho."

"Mawa abusa akubwera kudzayendera. Ndipita, koma osati chifukwa cha iwe."

"Ine ndidzangodutsa. Ndili ndi ndowa yanga imene ndinaiwala mkatimo."

Mawa lake masana Genivaldo anamasula unyolo, abusa patsogolo, Edileuza akudzikoka pambuyo, Aristides pambuyo penipeni akufunafuna ndowa imene anali ataisiya kunyumba. Abusa anayenda pakati pa mipando akugogoda makoma ngati wogula chivwende. Apa guwa, apa oimba. Atafika kutsogolo anaima, n'kuyang'ana chinsalu chija kuyambira pansi mpaka kudenga: zigamba zokhazokha, zina zoyera mbuu, zina zachikasu ndi ukalamba, misoko yokhota ngati njira za nyerere.

"Chisanza ichi chitsike lero lomwe," anatero abusa. "Chikatenthedwe. Malo ayenera kuyeretsedwa."

"Abusa, n'chochapa," anatero Aristides. "Mwina kuposa zina zimene mumagonapo."

"Tseka pakamwa iwe!" Genivaldo anakalipa.

Edileuza sanamve zonsezo. Anali atakwera masitepe a kutsogolo, atagwira kona ya chigamba chimodzi, akuibweretsa pafupi ndi maso. Pakonapo panali kansomba kakang'ono kosokedwa ndi ulusi wabuluu. Anasuntha pang'ono, n'kugwira chigamba china. Kansomba. Chinanso m'mwamba mwake, kansomba.

"Tide, bwera kuno. Iyi ndi ya ndani?"

"Ya Jurandir. Bambo ake anali msilikali, koma anapereka."

"Nanga iyi?"

"Ya Ivonete. Mayi ake anapereka."

"Anapereka chiyani? Kansomba aka ndi dzanja langa ili. Khirisimasi iliyonse ndinkamusokera Miro nsalu, ndipo chaka chilichonse ndinkamutukwana kuti nsalu amadya kapena bwanji. Ankati ochapa zovala ndi akuba."

Aristides, munthu amene anayankhapo woweruza milandu mpaka khoti lonse kuseka, anangokhala pansi pa sitepe. Makomo onse aja anamuthamangitsa Valdomiro. Iye ankangokhota, kukafika kuchipinda kwake, kusolola nsalu yake, n'kubwera kwa ife akumwetulira ngati wawina mpira.

"Galu ameneyu," Aristides ananong'ona, akupukuta m'maso ndi kolala. "Watinamiza zaka zonsezi."

"Mwaona?" anatero Genivaldo. "Ngakhale mwambo wawowo ndi bodza lokhalokha. Achemwali, tiyeni tizipita."

Edileuza anatsika masitepe imodziimodzi, n'kutambasula dzanja.

"Kiyi."

"Achemwali..."

"Genivaldo, ndinakusintha matewera ine. Usandichititse kulowetsa dzanja m'thumba mwako pamaso pa abusa. Theka la chinsalu ichi ndi thukuta langa, ndipo palibe mwana wa munthu amene atenthe nsalu zanga ine ndili moyo."

"Mayi, ganizirani za moyo wanu wauzimu," anatero abusa mofatsa.

"Ndili ndi wansembe wanga, bambo, ndipo amandikwanira. Khomo ndi lomwe munalowera lija."

Kiyi anagwera m'dzanja lake. Genivaldo anatuluka akulumbira kuti apita kwa loya, ndipo Aristides, amene nthabwala zinali zitamubwerera, anamukuwira kumbuyo kuti, "Muyende bwino alamu! Mpando wanu tikusungirani kutsogolo!"

Loweruka Misa itatha, anthu anatuluka m'tchalitchi n'kugawika pawiri ngati madzi pamwala. Ena anatsata Genivaldo kukadya. Ife tinatsata Edileuza, amene ankayenda pakati pa msewu ndi nsalu ya Miro yopindidwa bwino pamkono, magalimoto akuimba mahutala, iye osatembenuka. Pakhomo la Tamarindo mzere unali utafika kale kumsika wa nsomba: ana a dzulodzulo ogwirana manja poyera, ndi ife nkhalamba zimene zinayamba ndi zipewa.

Edileuza anakana kuti wina amusokere. Anakhala pampando kutsogolo kuja, magalasi pamphuno, singano m'manja, holo ikudzaza kumbuyo kwake. Ali mkati mosoka, panafika Dona Creuza ndi ndodo yake, mayi amene anakondana ndi mayi mnzake Ivonete n'kukhala naye mpaka tsiku lomaliza. Anasisita chigamba cha Ivonete monga amachitira chaka chilichonse magetsi asanazime.

"Ndinu achemwali a Miro? Iyi ndi ya Ivonete wanga," anatero. "Mayi ake anandithira madzi otentha pamaliro, sanandilole n'kuona nkhope komwe. Koma nsalu anapereka. Ndiye kuti mumtima anatikhululukira, eti?"

Aristides anayang'ana pansi. Edileuza anabaya singano pamalaya ake, anagwira kona ya chigambacho, chala chachikulu chitaphimba kansomba kaja.

"Anapereka," anatero. "Ndipo taonani, anasankha yabwino kwambiri m'nyumba monse."