Diso Limene Unandiikira Pakabati

Rodney Gondwe, mwana wanga woyamba, iwe unandiikira kamera m'nyumba mwanga osandiuza, ndipo kwa miyezi inayi wakhala ukundisuzumira uli ku Joni ngati ndine wakuba. Ndayamba ndi dzina lako lonse kuti usadzanene kuti kalatayi inali ya wina.

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye usayembekezere mawu osalala. Ndilemba monga zinachitikira, iwe uwerenge mpaka pomaliza.

Bambo ako a Kenneth atamwalira, zaka ziwiri zapitazo, nyumba ino ya ku Luwinga inandikulira. Ndikamaliza kugulitsa mandasi kwa ana a pa yunivesite, ndinkabwera kudzakhala ndekha ndi zipupa. Chimene chinkandisangalatsa ndi kuona mdzukulu wanga Yewo pafoni. Koma mabandulo aja ankatha ngati mchere wogula pang'ono. Ukukumbukira tsiku lija mwanayo anayasamula kuti, "Agogo, onani dzino langa," bandulo n'kuthera pomwepo? Dzinolo sindinalione. Ndinalira ngati kamwana, iwe n'kundiuza kuti, "Amama, pitani m'tauni mukasankhe intaneti ya m'nyumba. Zolipira musiyire ine."

Ndinakwera minibasi m'mawa kukugwa kamvula kathu ka ku Mzuzu kosadziwa nyengo. M'shopu muja mayi wina wa yunifolomu anandikhazika pansi n'kundiyalira mapepala atatu. Anati iyi imatha mukaigwiritsa ntchito kwambiri, iyi imakhala mwezi koma imafooka kumapeto, iyi ndi yopanda malire, siitha ngakhale muonere kanema tsiku lonse. Ine ndinaloza yapakati. Munthu mmodzi, foni imodzi, chinthu chosatha ndichitani? Ndinakuimbira ndili chiimire pakauntala.

"Ayi amama, tengani anilimitedi," unatero iwe. "Isamazime ngakhale pang'ono."

"Kodi ndikufuna kutsegula wailesi ya kanema ine?"

"Ingotengani. Ndikufuna muzikhala pafupi nane nthawi zonse."

Mawu amenewo ndinawanyamula mumtima ngati dzira. Ndinakawabwereza ku Umanyano, gulu lathu la azimayi a kumpingo, anzanga n'kumati, "Mwababa makora, mama," kutanthauza kuti ndinabereka bwino. Ndinasankha ndi dzanja langa ine ndemwe, osadziwa kuti ndikusankha chingwe chondimangira.

Wodzalumikiza anabwera Lachiwiri, bambo wamkulu ndithu, wa imvi m'ndevu. Anatulutsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kabokosi kothwanima timagetsi tobiriwira, kamene anati ndi rauta. Chachiwiri ndi kanthu koyera ngati dzira la bakha, kokhala ndi kadontho kakuda kutsogolo. Kameneko anakaika pamwamba pa kabati, n'kukatembenuza kuti kayang'ane sofa ndi mpando wa bambo ako. Nditafunsa, anati, "N'chokokera netiweki, mama, musamachikhudze." Anayankha akuyang'ana nsapato zake. Kenako anatuluka panja n'kumalankhula nawe pafoni motsitsa mawu. Ine chitsiru ndinamufulira tiyi, n'kumupatsa mandasi awiri otentha.

Sindinama, poyamba ndinasangalala. Yewo ndinkamuona tsiku lililonse, dzino latsopano ndinaliona likumera. Vuto linali loti foniyo inkandivuta. Ndikafuna kukuza mawu ndinkadula, ndikafuna kuonetsa nkhope ndinkaonetsa denga. Ndi pamene a Herbert Mkandawire, aphunzitsi opuma aja a kumpingo kwathu, amene akazi awo anamwalira chaka chimodzi ndi bambo ako, anati azibwera Lachitatu masana kudzandiphunzitsa. Ankabwera chitseko chili pululu. Ankakhala pampando wa bambo ako chifukwa sofa ija inathyoka sipuling'i ndipo iwo ali ndi msana. Ndinkawapatsa tiyi. Tsiku lina ndinajambula phazi langa mwangozi n'kulitumiza kwa abusa, ndipo tinaseka mpaka ine misozi kutuluka. Chimwalirireni bambo ako ndinali ndisanasekepo choncho.

Panthawi yomweyo unayamba kundidabwitsa. Ndikakhala osadya, foni inkalira: "Amama, kadyeni." Ndikakhala pasofa ndi bulauzi yokha kukuzizira: "Valani juzi, mudwala." Ndinkati magazi amalankhuladi, mwana amamva za mayi ake ngakhale ali kutsidya la malire. Ndinafika pothokoza Mulungu chifukwa cha iwe, Rodney. Ndinagwada.

Chakugwiritsa ndi fumbi la Okutobala. Umandidziwa ine, chinthu chilichonse cha mtengo wapatali m'nyumba mwanga ndimachifunditsa kansalu koluka. Wailesi ili ndi kake, TV ili ndi kake. Ndiye ndinagula ulusi wachikasu n'kuluka tina tiwiri. Lolemba m'mawa ndinapukuta kabati, n'kufunditsa rauta, n'kufunditsanso kadzira kaja. Ndinali ndisanafike n'kukhitchini komwe pamene foni inalira.

"Amama, chotsani kansaluko."

"Kansalu kati?"

"Kachikasuko. Kakutchinga netiweki."

"Netiweki yatchingika, nanga ukundiimbira bwanji? Mawu ako ndikuwamva bwinobwino."

"Ingochotsani, amama, musavute."

"Rodney, wadziwa bwanji kuti ndi kachikasu?"

Ndinkangomva magalimoto a ku Joni akudutsa kumbuyo kwako. Kenako unati abwana akukuitana, n'kudula.

Lachitatu a Herbert atabwera ndinawaonetsa. Anavala magalasi, anakanyamula kanthuko, anakatembenuza uku ndi uku. Nkhope yawo inagwa.

"Mama Gondwe, iyi ndi kamera. Imaona, imamva, ndipo mwini wake akafuna amatha kulankhuliramo. Imafuna intaneti yosazima."

Anakabwezera pamalo pake mosamala ngati n'kamoto, anatenga chipewa chawo, anathokoza kuti, "Yewo chomene, mama," n'kutuluka tiyi asanamwe. Mpaka lero sanapondenso pakhomo pano. Kutchalitchi amandipatsa moni ali patali.

Ndinakhala pansi pasimenti n'kuyamba kukumbukira zonse zimene ndachita m'balaza muno miyezi inayi. Ndimavulira muno bulauzi ndikachokera kotentha. Ndimapaka mankhwala m'mawondo chitenje nditakwezera m'ntchafu. Ndimalankhula ndi chithunzi cha bambo ako, kuwakalipira chifukwa chondisiya, kuwauza zinthu zimene sindinauzepo munthu wamoyo. Zonsezo unkaziona, unkazimva. Kwathu ku Chiradzulu mwana wamwamuna akakula saponda n'pakhomo pa chipinda cha amayi ake. Kwanu ku Rumphi n'chimodzimodzi. Iwe mwambo umenewu unauphunzira kuti?

Ndikanakhululuka mwina, ndikanati ndi mantha a mwana wokhala kutali. Koma Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapeza bambo ako aang'ono a Shadrick atakhala pakhonde, atachokera ku Rumphi, jekete ili pamawondo.

"Monire, mulamu," anatero, osaimirira.

"Yewo, alamu," ndinavomera moniwo. "Bwanji osaimba kuti mukubwera?"

"Nkhani zina sizifuna foni."

Titalowa anatulutsa foni yawo n'kundiyandikizira kumaso. Ndinadziona ndekha ndikuseka, mutu nditaponya kumbuyo, a Herbert ali pampando wa bambo ako, kapu ili m'manja. Kanema wa tsiku la phazi lija. Anandionetsa kawiri.

"Mpando wa mkulu wanga uwu," anatero akuuloza. "Sunazizire n'komwe."

"Zaka ziwiri, alamu. Ngakhale ng'anjo ya njerwa imazizira."

"Pakamwa panu m'pamene pakupwetekeni. Ife tinapereka ng'ombe. Ana ndi a kwa Gondwe, nyumba ndi ya kwa Gondwe. Ngati mwapeza mwamuna wina, palibe akukuletsani, koma osati muno. Msewu wa ku Chiradzulu mukuudziwa."

"Njerwa za nyumba ino munaumba ndinu? Pamene ine ndinkatunga madzi a dothi ndili ndi pakati pa Rodney, inu munali kuti? Malata awa anagulidwa ndi mandasi anga, funsani mkulu wanuyo kumanda."

"Mukanene zimenezo Loweruka. Abale onse abwera, tidzakhala pansi."

"Kanemayo wakupatsani ndani?"

Anaseka pang'ono. "Mwana wanu yemwe. Anati, adada, kawalankhuleni amama."

Kawalankhuleni! Iwe pakamwa unalibe? Intaneti yosatha ija, imene unandiumiriza kuti tizikhala pafupi, inakukanika kundifunsa funso limodzi lokha, lakuti amama, bamboyo ndi ndani? Ndikanakuyankha. Ndinakubisirapo chiyani ine? Koma unasankha kutenga kuseka kwa mayi ako n'kukapereka kwa munthu amene anayamba kuyeza malo ano ndi maso maliro a bambo ako ali m'nyumba. Ukudziwa kuti a Shadrick akhala akufuna kumanga timanyumba ta lendi ta ana a sukulu kuseri kuno. Chimene ankasowa ndi chifukwa. Wawapatsa ndiwe.

Tsono imva, chifukwa sindibwerezanso. A Herbert sanandifunsire, sanandigwirepo ngakhale chala. Koma akadzandifunsira, ndidzaganiza ndekha ndi mutu wanga, ndipo sindidzapempha chilolezo kwa mwana amene ndinkamuchapira matewera. Bambo ako ndinawadwazika miyezi isanu ndi itatu, ndinkawasambitsa, ndinkawatembenuza, inu nonse mukubwera ndi malalanje Lamulungu n'kumapita. Zakuda ndinavala chaka chathunthu, anandivula ndi azakhali ako omwe. Ndatsala ndi mangawa anji kwa a Gondwe, oti ndisamaseke m'nyumba mwanga?

Ndakuimbira kasanu chichokereni a Shadrick, sukuyankha. Ndatumiza mawu, ndikuona kuti wamvera, koma zii. Mkazi wako Tione akuti watanganidwa. Ngakhale Yewo simukumupatsanso foni. Dzulo ndinaganiza zozula mawaya onse n'kukaponya rauta ndi kadzira kako m'chimbudzi cha kuseri. Ndinafika nazo pakhomo penipeni. Ndinabwerera n'kuzilumikizanso chifukwa cha mwana uja, kuti ndikataya ndiye kuti nkhope yake sindiionanso. Taona mmene wandimangira: chondipweteka ndi chomwecho chondionetsa mdzukulu wanga.

Ndiye ndachita izi. Kansalu kachikasu ndachotsa. Kalatayi ndalemba ndi zilembo zazikulu papepala la m'kope, ndipo tsamba lililonse ndiliimika kutsogolo kwa diso lakolo, nditalitsamiritsa ku botolo la shuga, kufikira utaliwerenga. Foni ukhoza kukana kuyankha, koma ndikudziwa kuti pamenepa umayang'ana. Unazolowera.

Loweruka a Shadrick akufuna tikhale panja pansi pa mpeyala. Ndakana. Tidzakhala m'balaza muno, onse moyang'anana ndi kabati, ndipo ndidzawauza kuti mwana wa malemu ali nafe, akutiona, akutimva. A Herbert anati kanthu kako kamalankhula. Udzalankhule. Ndiwe mwana woyamba, ku Rumphi mawu ako amalemera kuposa anga ngakhale ndinakubereka ndine. Ukadzati amama sachoka, palibe adzatulutse ngakhale supuni. Ukadzakhala chete monga ukuchitiramu, Lolemba ndidzakhala ndili pa depoti ndi zikwama, ndikupita kumudzi kumene ndinachokako zaka makumi atatu zapitazo, kumene amayi anga kulibe ndipo munda anagawana kale.

Lero ndi Lachinayi. Ndakhala pampando wa bambo ako, ndakuyang'ana m'kadontho kakudako, ndipo sindidzuka kukakanda ufa wa mandasi kufikira utatsegula pakamwa. Miyezi inayi wandiona ndikudya, ndikulira, ndikupaka mawondo. Unaona chiyani choti ndichotsedwere m'nyumba imene ndinaumba ndi manja awa? Ndiyankhe, Rodney. Ndikudziwa kuti ukundiona. Ndiyankhe.