Makina Atatu Opanda Dzina

Makaniko wa pafakitale yosoka mayunifolomu atapuma pantchito, Nasingano, telala wa pomwepo, anapempha malowo kwa kapitawo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, makina akayamba kuduladula ulusi, atelala anzake ankaitana iyeyo. Ankangotchera khutu n'kudziwa ngati vuto ndi bobini kapena lamba.

Kapitawo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, sipanala si ya akazi. Ndiponso inu makaladi muli ndi abale m'masitolo. Ntchito tisiyireni eni dziko."

Bambo ake a Nasingano, mmwenye, anachoka iye asanamere mano, ndipo mayiyu m'sitolo ankalowa ngati wogula wina aliyense. Makoma a fakitaleyo anawapenta kangapo chilowereni iye, koma mawu oterewa palibe anawakhudza ndi bulashi.

Atafika kunyumba anafotokozera mwamuna wake, dalaivala wa basi, ali pakhonde.

"Zisiyeni, amayi," anatero mwamunayo. "Mukalimbana naye akuchotsani ndi pamakina pomwe."

"Ndiye ndizikonza ine, dzina lizipita kwa ena mpaka ndimere imvi?"

Kuseri kwa mpanda, mayi woyandikana nawo, amene ankagwira ntchito ku ofesi ya zantchito, anali kuyanula zovala.

"Pepani, mpandawu ndi wobooka, ndamva zonse," anatero. "Achemwali, kumana munthu ntchito chifukwa ndi mkazi, kapena chifukwa cha khungu lake, ndi tsankho, ndipo lamulo limaletsa. Koma musakakangane naye. Lembani kalata kwa manijala, ina yofanana nayo musunge. Mupemphe mayeso: aliyense akonze makina owonongeka, ndipo woweruza asadziwe kuti wakonza ndani."

"Nanga akakana?" anafunsa dalaivala.

"Mubwere nayo ku ofesi kwathu kalatayo, alamu. Ndi ntchito imene timadyera."

Manijala anaiwerenga kalatayo kawiri n'kuvomera. Opikisana anali atatu: Nasingano, mlamu wake wa kapitawo, ndi bambo wina wochokera kunja. Makina atatu anawamata manambala. Woweruza anali kapitawo yemweyo, koma anamudikiritsa panja kufikira onse atamaliza.

Atalowa anayesa makina oyamba: msoko unkadumphadumpha. Achitatu anathimbiriritsa nsalu ndi mafuta. Atapondaponda achiwiri, nkhope yake inawala.

"Tamverani kulira kwake! Awa wakonza ndi mwamuna weniweni. Dzanja la mwamuna silisowa."

Manijala anatambasula pepala. "Nambala yachiwiri, imirirani."

Nasingano anaimirira, akupukuta mafuta m'zala ndi kansanza.

"Akapitawo," anafuula telala wina kumbuyo, "mpatseni moni mwamuna mnzanuyo!"

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Kapitawo anayang'ana msoko uja, n'kuyang'ana Nasingano. Mawu anali atatuluka kale pamaso pa anthu, sakanatha kuwameza. Anatambasula dzanja.

Lolemba m'mawa dalaivala ndiye anasita ovololo yatsopano ya mkazi wake, makaniko wa pafakitale tsopano, akudandaula kuti matumba achuluka. Ndipo manijala analamula kuti kuyambira pamenepo, mayeso onse a ntchito pafakitalepo aziyenda ndi manambala.

Luso silidziwa kuti uyu ndi mkazi, silidziwanso khungu. Wina akakumanani ntchito chifukwa cha mmene munabadwira, musangodandaulira pakhonde. Lembani kalata, sungani umboni, pemphani mayeso achilungamo, ndipo zikakanika pitani ku ofesi ya zantchito.