Wa Pansi pa Sowo

Kucheka matabwa pamanja kumafuna anthu awiri: wina amaima pamwamba pa chipika, wina m'dzenje pansi pake, sowo n'kumayenda pakati pawo. M'nkhalango ya paini ku Chikangawa, wa pamwamba anali Fanuel, wa pansi mlamu wake Yotam. Fanuel ndiye anakamutenga Yotamuyo ku Embangweni, ndipo ponyamuka mlongo wake Maria, mkazi wa Yotam, anamugwira Fanuel dzanja osafuna kulisiya.

"Adumbu, mwamuna wangayu mudzandibwezere wamoyo, ndapota nanu."

Yotam ankalikonda dzenje lakelo kuposa msasa. Dzuwa likaswa mtengo, m'dzenje. A zankhalango akatulukira, m'dzenje. Ngakhale tulo ta masana ankagona momwemo, pa utuchi wofewa.

Chilimwe chitalowa, mayi wina wa zankhalango, a Charlotte, anauza ocheka onse kuti alambule bwalo mpaka dothi lionekere, aikepo mgolo wa madzi ndi masaka. "Moto ukabwera muthawire pamenepo," anatero. "M'maenje ayi. Utuchi ndi nkhuni."

Fanuel analambula, akung'ung'udza. Yotam anangoseka.

"Alamu, moto umayenda pamwamba. Mbewa zimapulumuka bwanji? Mbwenu ine ndine mbewa."

Moto unabwera masana ena mu Okutobala, ndipo amene anauyatsa sadziwika mpaka lero. Paini akagwira moto sachedwa, utomoni wake umaphulika ngati mafuta mu chiwaya. Ocheka ena amene ankaseka malangizo aja ndiwo anayamba kufika pabwalo, akutsokomola, akulimbirana masaka onyowa. Fanuel anayang'ana nkhope imodziimodzi. Mlamu wake panalibe.

Sanafunse munthu, ankadziwa kumene kunali mbewa yake. Mantha anali nawo, koma anadzifunda saka n'kulowa mu utsi.

Anapeza chipika chikuyaka pamwamba pa dzenje, matabwa oyaka atatseka potulukira. Pansi utuchi unali utayamba kunyeka, Yotam akudumphadumpha ndi kukuwa. Fanuel anagona chafufumimba n'kutambasula mkono, koma dzenje linali lakuya. Chimene chinali pafupi ndi sowo basi. Chigwiriro chimodzi chinali chitapsa kale. Chotsalacho anachitsitsira kwa Yotam, iye n'kugwira chitsulo chenichenicho, chotentha, mano ake ali m'zikhato.

"Gwirani, alamu! Ine ndikoka!"

Anakoka monga ankakokera tsiku lililonse. Anamva fungo la nyama yowauka, anadziwa kuti ndi yake, osasiya. Yotam atatuluka, awiriwo anakwawa pansi pa saka limodzi mpaka pabwalo lija. Sowo anachita kuichotsa anzake m'manja mwa Fanuel, pakuti zala zinakana kutambasuka.

Lole ya matabwa inawatengera kuchipatala ku boma la Mzimba. Yotam anapsa mapazi, ndipo anamwino anati adzayendanso. Za manja a Fanuel adokotala sanabise: zala zina anazidula, ndipo zotsalazo sizidzagwiranso sowo, ngakhale khasu.

Maria anafika mawa lake. Anayamba waona mwamuna wake, analira, kenaka anabwera pabedi la mlongo wake n'kugwada.

"Ndakubwezera, suyo," anatero Fanuel.

"Yewo chomene, adumbu."

Maria anatambasula dzanja kuti amugwire monga anamugwirira tsiku lija ku Embangweni. Dzanja lake linangoima m'malere, pamwamba pa mabandeji awiri, likusowa pogwira.