Anyezi wa M'dambo

Pasipoti anazungulira dambo lonse kachitatu, nsapato zake zogula kunja zitalemera ndi matope. Ankawerama, kupatula udzu, kununkhiza zala. Ayi ndithu. Anyezi wam'tchire uja, wa masamba owonda ngati singano, sanaphuke ngakhale mmodzi.

Dzinali anam'patsa ndi anzake, poti anaphika m'sitima zapamadzi zaka khumi ndi ziwiri ndipo sankamaliza nkhani osatchula doko. Koma chimene chinkadzaza lesitilanti yake sanali madokowo. Inali supu ya nsomba, yowaza anyeziyu wamuwisi pamwamba poto akangophulidwa. Mawa lake akuchimuna ankabwera kudzalawa chakudya cha ukwati wa mwana wake, ndipo iye anali atalengeza kale kuti alendowo adzanyambita mbale mpaka kuibowola.

Kale anyeziyu ankam'thyolera ndi mlongo wake wamkulu, masamba okhaokha. Chaka chatha Pasipoti anati mayiyo akuchedwa. Anabwera yekha ndi khasu, nazula zonse ndi mitu yomwe.

Tsopano anadutsa pageti pa mlongo wakeyo kawiri. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, kachitatu anaima.

"Odi, achemwali!"

"Lowa. Ndakuona ukupita uku ndi uku. Sitima yasochera?"

"Ndimangowongola miyendo."

"M'matope?"

Pasipoti anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Anyezi sanamere chaka chino. Nyengo yasintha, achemwali. Ngakhale kumaiko kumene ndinali..."

"Nyengoyo ndinaiona. Inanyamula khasu, itavala chipewa ngati chakocho."

Anam'tengera kuseri kwa nyumba. Pafupi ndi mpopi panali mabeseni atatu obowoka, obiriwira mpaka m'milomo. Fungo linam'peza asanafike.

"Ndi timitu tija unataya m'bini. Ndinatola, anyamata ako a kulesitilanti akundiseka."

Pasipoti anagwada, nagwira tsinde kuti akoke. Dzanja linalandira khofi.

"Iwe! Sunakhaulebe?" Mlongo wake anam'patsa sizasi. "Siya zala ziwiri kuchokera pansi. Beseni limodzi ndi la ukwati wa mwana wathu. Awiriwa ukadzale kudambo Loweruka. Wekha. Ndi nsapato zomwezo."

"Achemwali, munthu ngati ine, amene ndinadyetsa akaputeni..."

"Akaputeniwo abwera mawa?"

Pasipoti anayeza zala ziwiri, nadula. Anayezanso, nadula. Kumbuyo kwa sizasi kunkatsala timizere tifupitifupi tobiriwira, kadontho ka madzi kali pansonga pa kalikonse.